Dzina Lobisika M'maluwa a Golide

Wosindikiza wina ntchito ankaidziwa, koma umphawi unali utamumanga miyendo. Makhadi a bizinesi amene ankapanga anali aulemu: pepala loyera lolimba, dzina, ntchito, nambala ya foni, basi. Ankati khadi lodzaza zokongoletsa lili ngati munthu wofuula pamaliro. Komabe makasitomala ankangodutsa pakhomo pake n'kukalowa kwa mlamu wake tsidya la msewu, amene ankapaka golide ndi mikango ngakhale pa khadi la wometa tsitsi. Mlamuyo atagula galimoto, wosindikiza anagwidwa ndi nsanje.

Anapita kwa sing'anga wina wokhala m'kachipinda kuseri kwa shopu ya matayala.

"Inki yanu ndi yofooka, bambo," anatero sing'angayo, akumupatsa kabotolo ka ufa wakuda. "Muzithiramo uwu. Makasitomala adzabwera okha."

"Mtengo wake?"

"Ndalama sungani. Pa mtolo uliwonse wa makhadi muzilembapo dzina la munthu wa magazi anu. Timalemba ting'onoting'ono, tobisika."

"Ndiye munthuyo chimuchitikire n'chiyani?"

"Mwabwera kudzafunsa mafunso, kapena kudzalemera?"

Papepala loyera dzina silibisika. Choncho wosindikiza anayamba kudzaza makhadi ake maluwa a golide, nyenyezi ndi zisoti zachifumu, ndipo pakati pa maluwawo anabisa dzina la amalume ake. "Ndi okalamba kale," anadziuza. Sabata yomweyo amalume anagona osadzukanso. Pashopu anthu anayamba kupondana. Kenako azakhali anatsatira amalume kumanda, kenako mng'ono wake weniweni.

Tsiku lina mkazi wake anatola khadi limodzi patebulo, nalitembenuza.

"Bambo a mwana, zonyansa izi ndi zanu? Si inu munkaseka alamu anu?"

"Zonyansazo ndi zimene zikukuvekani. Khalani chete."

Kampani ina yaikulu itaitanitsa makhadi a antchito ake onse, wa magazi ake amene anatsala anali mwana wake wamkazi yekha. Wosindikiza analemba dzina la mlamu wake, n'kuthamangira kwa sing'anga kukafunsa ngati zitheke.

"Mlamu si magazi," anatero sing'angayo, osadzutsa n'komwe mutu. "Ufawo mukaunamiza, umasankha wokha."

Anabwerera thukuta lili kamukamu, napeza makina atamaliza kale. Anayang'anitsitsa m'maluwa muja. Dzina linali la mwana wake. Anawotcha mtolo wonse kuseri kwa shopu, koma moto usanazime foni inalira: mwana wagwa m'kalasi, sakupuma.

Maliro atatha, mkazi analongedza katundu n'kuchoka. Makina anachita dzimbiri. Lero wosindikiza amayendayenda pa siteji ya basi wopanda nsapato, akung'amba makatoni otayidwa n'kumatambasulira anthu.

"Tengani khadi langa, bwana. Tengani."

Palibe amalandira.

Chuma cha mankhwala chimabwera ndi mano, ndipo chimayambira kudya m'nyumba ya mwini wake. Dyera likakulowa, usaiwale kuti amene adzalipire ndi amene umawakonda.