Makiyi a M'beseni

Wamagalasi ankaanula zovala kuseri kwa hositelo ya atsikana pamene fungo lija linabweranso, fungo la tsitsi lopserera. Aliyense anathawira kuchipinda kwake. Sabata imeneyo mafoni anali atasowa, ndipo mtsikana wina anadzuka atametedwa mbali imodzi ya mutu. Za zenera la kubafa losatsekeka lija palibe anafunsa. Onse anangoti ndi ufiti. Ati ophunzira a payunivesite amenewo!

Wamagalasi nkhawa yake inali pa laputopu. Munali kafukufuku wake yense wa chaka chomaliza, ndipo mwa ulesi wake sanamusungenso pena paliponse.

Ndiye kunatulukira Ankolo, bambo wa timvi, woyenda ndi mabuku kukhwapa, amene ankati amagona chipinda chakumapeto ku hositelo ya anyamata. Anati mfiti siiopa loko, imaopa kutsirika. Aliyense abweretse kiyi wake, agone m'beseni la mankhwala.

"Iwe, tipereke?" ananong'ona mnzake wa Wamagalasi wa m'chipinda.

"Ukufuna akumete?" anatero Wamagalasi.

"Koma munthuyu timamudziwa?"

"Ndi aakulu, usachite mwano."

Anthu okaniza anzawo ngakhale supuni anafola pamzere n'kumaponya makiyi m'madzi akuda, ena mpaka kugwada. Wina anachita kunena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Zomvetsa manyazi. Anagona atatchinga zitseko ndi madesiki, ndipo m'mawa Ankolo anabweza makiyiwo ali onyowa, akununkha tsitsi lopserera. Sanafunse mwini kiyi ndani, ankangopatsa aliyense wake osaphonya.

Kunakhala bata mpaka tsiku la mayeso, pamene hositelo yonse inatsala yopanda munthu. Pobwerako masana, Wamagalasi anapeza chitseko chili chokhoma bwinobwino. Anatsegula. Pansi panali mapazi onyowa, olowera kudesiki, koma otuluka panalibe. Laputopu inali itapita. M'khonde monse munali kulira.

Anathamangira kwa mayi woyang'anira mahositelo, amene anawatsogolera kuchipinda chakumapeto chija uku akutsonya.

"Ankolo ake ati? Muno timasungamo mabedi othyoka."

Kangaude anali atamanga pachitseko. M'kati munali fumbi losapondedwa, ndipo pakati pa chipinda panali beseni lija, madzi ake akadali ofunda. Pamwamba pankayandama tsitsi lolukidwa.

"Ndiye munamupatsa nokha makiyi?" anafunsa mayiyo.

Wamagalasi anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kugwira kunkhongo kwake. Panali posalala, pozizira.

"Mayi, tisinthireni maloko lero lomwe," anapempha Wamagalasi.

Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Maloko atsopano abwera temu ya mawa. Pitani mukakhome, si munatsirika?"