Mwala wa M'chikwama cha Aderito

Anayamba kusintha ndi madzi a mumtsuko. Crimilda ankawatunga yekha pachitsime cha ku Mualadzi, koma pofika m'mawa ankawawa mchere.

Mwamuna wake, Aderito, adamira m'nyanja yamchere, kutali kumene ankagwira ntchito yoswa miyala, ndipo mtembo sudapezeke. Kumudzi kudangofika chikwama chake. Abale adaika m'manda zonse za m'chikwamamo m'malo mwa thupi, koma Crimilda adabisako chinthu chimodzi chomukumbukira nacho: mwala wa nthitinthiti, wodzipinda ngati bongololo.

Mphunzitsi Xavier atauona anaseka. "Iyi ndi amonite, mayi. Kanali kanyama ka m'nyanja, mtundu wake udatha anthu kulibe. Palibe choopa."

Kuseka n'kosavuta masana. Usiku womwewo, agalu atakhala chete, Crimilda anamva phokoso limene sanalimvepo chibadwire, lochokera kunsi kwa bedi: waaa, kenaka zii, waaa, ngati chinthu chachikulu chikupuma. Ataponda pansi anapeza panyowa, chonsecho munali m'chilimwe.

Usiku wotsatira mwana wake Tânia, wa zaka zinayi, anayamba kugona atadzipinda, maondo kuchibwano. Kuchipatala sanampeze ndi malungo. Anthu anayamba kunong'ona zoti m'nyumbamo mukununkha nsomba, ena n'kusiya kudzapala moto.

Apongozi ake, a Marita, anabwera madzulo n'kunyambita chala chimene anakhudza nacho pamphumi pa mwanayo. Chinawawa mchere.

"Mwana wanga tidamuika yense, inu?" ananong'ona.

Crimilda anagwidwa ndi manyazi ndi mantha. "Padatsala kamwala, amayi."

"Ndiye akufuna mwanayu adzaze malo a kamwalako. Thamangani."

Anathamangadi, khasu paphewa, mwala kunsonga ya chitenje ukulemera ngati mwana wobereka. Kumanda kunali mdima wa ndiweyani, mitengo ili duu. Anakumba kumutu kwa mtumbira wa Aderito, ndipo dothi linatuluka lonyowa, lozizira. Anaponyamo mwala uja, n'kukwirira akulira.

Pobwerera mtima unakhalako pansi, pakuti phokoso lija linali litaleka. M'nyumba pansi panali pouma. A Marita anali atakhala pakhomo, osamuyang'ana.

"Tânia, dzuka mwanawe, zatha," anatero Crimilda.

Mwanayo anali chigonere, milomo yoyera ndi mchere. Crimilda anagwira timiyendo tija kuti atiwongole. Anakoka, nakokanso. Timiyendoto tinakana, titauma gwa ngati mwala uja.