Mlembi Yemwe Anadya Thumba la Matenda

Kunyumba kwa mmisiri wa matabwa kunali mtendere. Bambo ankapala matabwa kuseri, mayi ankasoka pakhonde, ndipo chakudya sichinkadyedwa osapemphera. Mwana wawo wamkazi womaliza ankangomutchula Mzime.

Mayiwo anali m'gulu la amayi khumi ndi asanu osunga ndi kubwereketsana ndalama. Pambali ankasonkha thumba la matenda, loti wina akagwa m'mavuto athandizidwe tsiku lomwelo. Poona kuti Mzime anapita kusukulu, anamusankha kukhala mlembi, nam'patsa foni ya gulu momwe munkasungidwa thumbalo.

"Mwanawe," anatero mayi ake, "umo muli thukuta la anthu. Wina wapsa ndi dzuwa pogulitsa tomato, wina wada ndi makala. Ndalamazo usadzazisirire."

"Amayi, mukundiyesa wakuba?"

Koma Mzime anali ndi mnzake woluka tsitsi, wodziwika kuti Dona.

"Iwe ndiwe nkhuku yofungatira mwala," anaseka Dona. "Ndalama zangogona mufonimo! Pali bwana wina, ukam'tumizira, pakutha sabata zimabwera zitabereka. Ubweza za amayiwo, adziwe ndani?"

Mzime anatumiza pang'ono. Zinabweradi zitabereka, ndipo anagula nsapato zazitali.

"Wazigula ndi chiyani?" anafunsa bambo ake, atagwira macheka.

"Ababa, ndiziyenda ngati wamasiye mpaka liti?"

"Dyera limeneli lidzakuika pamoto, ndakuuza."

Sabata yotsatira anatumiza thumba lonse. Nambala ya bwana uja sinapezekenso. Atathamangira kwa Dona, anangomva: "Ndinakugwira dzanja ine? Choka, ndili ndi kasitomala."

Misonkhano itatu Mzime anawerenga mabodza m'kaundula, amayi n'kumaomba m'manja.

Tsiku lina m'mawa, mayi wa tomato wa m'gulu muja anafika kwa Mzime akuthamanga, opanda nsapato, wapampando wa gulu ali pambuyo. Mwana woyembekezera wa mayi wa tomatoyo anali atauzidwa kuti athamangire kuchipatala chachikulu, ndipo mwini galimoto yoti imutenge ankafuna za mafuta asanalize injini.

"Tumiza msanga, mwanangu!" anachonderera mayi wa tomato.

"Netiweki yavuta," anatero Mzime.

Wapampando anamulanda foni. Anayang'ana, n'kuyang'ananso.

"Mulibe! Iwe, ndalama zathu zili kuti?"

Amayi anabalalika khomo ndi khomo kupempha, wina n'kugulitsa thumba la makala pamtengo wozizira. Galimoto inanyamuka dzuwa litapendeka. Mayi wa khanda anapulumuka, koma khandalo linabadwa litafa.

Patapita masiku atatu gulu lonse linadzaza pakhonde.

"Ndiyang'ane!" anakuwa mayi wa tomato. "Chaka chathunthu ndimadzimana sopo kuti tsiku ngati lija ndisapemphe munthu. Mdzukulu wanga wamuvala kumapaziko! Tiona ngati nsapatozo uyende nazo mpaka kumwamba!"

Mzime anagwada, nayang'ana mayi ake kuti amuikire kumbuyo.

"Usandiyang'ane ine," anatero mayiwo mwaukali. "Amayiwa anakukhulupirira chifukwa cha nkhope yanga. Waigulitsa."

Bambo anagulitsa zida zawo, mayi makina osokera, ndipo ndalama zinabwezedwa. Koma gulu silinakumanenso, pakuti aliyense ankaopa mnzake. Wa makala atadwala, anagwa m'manja mwa akatapila. Bambo aja anayamba kupala matabwa a amisiri ena ngati waganyu.

Mzime analapa ndi misozi yeniyeni, ndipo mayi wa tomato patapita miyezi anayamba kumuyankha moni. Koma mpaka lero Mzime akamva khanda likulira, amatuluka m'nyumba.

Wachinyamata iwe, anthu akakusungitsa chuma chawo, akusungitsa moyo wawo. Wakuba angathe kubweza ndalama, koma chimene chafa chifukwa cha kuba kwake sangachidzutse.