Kasizasi ka Amayi a Chinami

Chinami ankafuna kuphunzira kuwedza pa ayezi. Koma womuphunzitsa panalibe.

Amayi ake ndi amene ankadziwa kuwedza. Kukazizira, madzi a m'nyanja ankauma gwa. Amayi ankakoka bokosi lawo lofiira kupita kunyanja. Ankabwerako ndi tinsomba totchedwa wakasagi. Ababa ankakazinga tinsombato.

"Chaka chamawa ndidzakutenga," Amayi ankatero. "Manja ako akule kaye."

Manja a Chinami anakula. Koma Amayi anadwala. Anamwalira masamba akuyoyoka m'mitengo.

M'nyumba munangoti zii. Ababa ankaphika osayankhula. Ababa ankadya osayankhula. M'mawa ankaika mpunga patsogolo pa chithunzi cha Amayi. Ankayatsa lubani. Kenako ankangokhala, maso ali pansi. Chinami ankamva chisoni kwambiri.

Tsiku lina Ababa anatulutsa bokosi lofiira. Anatsegula. Munali ndodo yowedzera. Munali timbedza. Munalinso kasizasi kakang'ono.

"Aka n'kosokera, kanasochera muno," anatero Ababa.

Anakapukuta bwinobwino. Anakaika pambali pa chithunzi cha Amayi. Anawerama. Kenako ananyamula bokosi kupita nalo pakhomo.

"Ababa, bokosi likupita kuti?" anafunsa Chinami.

"Kwa Mayi Oikawa. Ndinawalonjeza kale. Ankawedza limodzi ndi amayi ako. Ife tilibe nalo ntchito."

Chinami anakumbatira bokosilo. Linali lozizira. Linkanunkhira magolovesi a Amayi.

"Ayi, Ababa! Tandiphunzitsani kaye."

"Ine? Ntchito yanga inali kukazinga basi, mwanawe."

"Tiyese kamodzi kokha, Ababa."

Ababa anayang'ana bokosilo.

"Kamodzi kokha," anatero. "Tikalephera, bokosi lipita."

M'mawa mwake anagula mphutsi zanyambo. Anapita kunyanja. Mphepo inkaluma makutu. Mphepo inkaluma mphuno.

Ababa anaboola ayezi. Anapukusa chobowolera, anapukusa, anapukusanso. Madzi akuda anaoneka. Anamanga tenti pamwamba pa bowolo. Tentiyo inapendekeka, koma inaima.

Chinami anakoleka mphutsi pa mbedza. Anatsitsa ulusi m'madzi. Anadikira.

Nsonga ya ndodo inanjenjemera. Chinami anakoka. Panalibe kanthu.

Anatsitsanso. Ndodo inanjenjemeranso. Anakokanso. Panalibe kanthu.

Ababa nawo anayesa. Panalibe kanthu.

M'matenti ena anthu ankaseka. M'matenti ena mafuta ankalira m'chiwaya. M'tenti ya Chinami munangoti zii, ngati kunyumba.

Zala za Chinami zinachita dzanzi. Koma sananene. Ankaopa kuti akanena, bokosi lipita.

"Basi, mwanawe, talephera," anatero Ababa. "Tiye tizipita."

Chinami analira. Analirira bokosi. Analirira Amayi.

Pomwepo munthu anasuzumira pakhomo la tenti. Anali Mayi Oikawa. Anavala chipewa chachikulu chaubweya.

"Ndaliona bokosi lofiira ndili kutali," anatero. "Mtima unangoti phwii. Ndinaiwala kuti Kaoru anatisiya."

Kaoru linali dzina la Amayi. Palibe amene ankalitchula kunyumba.

Mayi Oikawa anagwada pa ayezi. Anayang'ana mbedza ya Chinami.

"Aaa, bambo a Chinami! Mukuwedza nsomba kapena mukuzigawira chakudya?"

"Bwanji, Mayi?" anafunsa Ababa.

"Kansomba aka kakamwa kake n'kakang'ono ngati diso la singano. Mphutsi yonseyi kangameze? Timaidula pakati. Fungo limaitana nsomba. Tabweretsani kasizasi ka Kaoru."

Ababa anatong'ola maso.

"Kasizasi kakang'ono?"

"Komweko. Kali m'bokosimo."

"Ndinakaika pa chithunzi chake," anatero Ababa motsitsa mawu. "Pambali pa lubani. Ndimayesa n'kosokera."

Mayi Oikawa anagwira pakamwa.

"Kodulira mphutsi? Pambali pa lubani?"

"Ndipo ndinakaweramira," anatero Ababa.

Mayi Oikawa anaphulika ndi kuseka.

"Kaoru mnzanga! Bwera udzaone mwamuna wako akuweramira kodulira mphutsi!"

Mapewa a Ababa anayamba kugwedezeka. Chinami anaganiza kuti akulira. Koma ankaseka. Anaseka mpaka misozi inatsika. Kenako analiradi. Mayi Oikawa nawo analira. Chinami anagwira dzanja la Ababa, osalisiya.

Mayi Oikawa anapukuta maso. Anatulutsa kasizasi kawo m'thumba.

"Gwira, mwanangu. Dula pakati. Usachite mantha, amayi ako sankaziopa."

Chinami anadula mphutsi. Anatsitsa ulusi.

"Gwedeza pang'ono. Ima. Gwedezanso pang'ono. Ima."

Chinami anagwedeza. Anaima. Ndodo inanjenjemera.

"Koka!"

Chinami anakoka. Kansomba koyera kanatuluka m'bowo. Kanali kotalika ngati chala chake. Kankaphiriphitha.

"Ababa, taonani! Taonani!"

"Ndaona, mwanawe. Ndaona."

Anagwira kena. Anagwiranso kena. Ababa anayatsa mbaula. Anaviika tinsombato mu ufa. Mafuta analira m'chiwaya. Apa ndiye Ababa sankafunika wowaphunzitsa.

Anadyera m'tenti momwemo. Tinsomba tinali totentha. Chinami anasunga kamodzi m'kambale. Kanali ka Amayi.

"Amayi ako ankati ndimathira mchere wambiri," anatero Ababa.

"Sankanama," anayankha Mayi Oikawa. "Mundipatse madzi."

Dzuwa linapendeka. Anaphwasula tenti. Anabwezera zonse m'bokosi. Mayi Oikawa anagwira chingwe chokokera bokosilo.

"Paja munati bokosili ndi langa," anatero. "Ndilitenge lero?"

Chinami anaima njii. Anayang'ana Ababa.

Ababa anavula chipewa. Anawerama.

"Pepani kwambiri, Mayi," anatero. "Ndinalakwitsa. Bokosili lili ndi mwini wake."

Mayi Oikawa anamwetulira. Anaika chingwe m'manja mwa Chinami.

Bokosi linali lolemera. Chinami anakoka yekha. Ababa ankayenda pambali pake.

"Ababa, ndiuzeni za Amayi."

Ababa anayamba kunena. Ananena, ananena. Anafika kunyumba asanamalize.