Mpira Womaliza wa Dunstan

Perpetua, namwino wogwira ntchito kudziko la azungu, anakumana naye pa siteji ya basi ku Evington, mvula ikuwaza. Mnyamata wamtaliyo ankalimbana ndi ambulera ndi dzanja lamanzere lokha, ndipo maso a namwino sangadutse zotere.

"Lamanjalo mukusungira ndani, achimwene?"

"Linapuma pantchito, asisi. Ine ndine Dunstan."

Dunstan anakulira ku Cape Town, komwe anaphunzira baseball, masewera oponya kampira wina n'kukamenya ndi ndodo. Anakakhala woponya mpira wolipidwa ku America mpaka phewa linakana. Tsopano ankathandiza kuphunzitsa oponya ku Loughborough, akudikira kuti adzapatsidwe timu yakeyake.

Mameseji sanachedwe. "Ngale yanga, shift yatha? Phewa likukufunsa." Perpetua, munthu wanzeru zake, ankangomwetulira yekha m'wodi ngati wodyetsedwa.

Tsiku lina Dunstan anamupatsa mpira wa ulusi wofiira, wothimbirira ndi dothi.

"Uwu ndi umene ndinaponya komaliza. Ulipo umodzi wokha padziko, ngati iweyo. Akangondipatsa timu, ndikutumiza ankhoswe."

Kuyambira pamenepo mpirawo sunachoke m'chikwama mwake.

Timu anamupatsadi! Pa masewera oyamba Perpetua anasinthana shifiti ndi mnzake, nakwera sitima osamuuza. Pabenchi anakhala ndi mtsikana wina wansangala.

"Ndinu akumudzi eti? Ine Atuweni, ndimakhala ku Hyson Green. Kochiyo ndi wanga, tikumanga banja." Anatsegula chikwama. "Taonani, uwu ndi umene anaponya komaliza. Akuti ulipo umodzi wokha, ngati ineyo!"

Perpetua sanalire. Sanamve kanthu, ngakhale kuzizira. Anangoyang'ana kubwalo, komwe Dunstan anali atagwada pambali pa ndowa ya mipira. Ankatenga mipira yatsopano n'kumaipaka matope kuti isaterere m'zala za oponya, ndipo uliwonse unkatuluka m'manja mwake utakalamba. Kodi inali ingati m'zikwama za atsikana?

"Mwauona bwanji, asisi?"

"Ndi wokongola. Muusamale."

Perpetua anatsika pang'onopang'ono mpaka anafika pandowa paja. Dunstan anadzuka, maso ali mwazimwazi.

"Ngale yanga! Osandiuza bwanji?"

Perpetua anatulutsa mpira wake n'kuuponya m'ndowamo, pamodzi ndi anzake.

"Tulutsamo womaliza uja, Dunstan. Ukaupeza, ankhoswe abwere."

Dunstan anapisa dzanja, anatembenuza uwu, anatembenuza uwo. Perpetua anadikira ndithu, poti mtima ndi wopusa. Koma mwini wakeyo sanaudziwe.