Achimwene Ndine

"Amayi, mwandinamiza," anatero Watipa.

Watipa anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Pangani, mumzinda wa Nairobi. Ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna mng'ono wake. Ankafuna kamwana komutcha "achimwene".

Amayi ndi abambo anali atamulonjeza. "Tikubweretsera abale," anatero. Anakwera ndege kupita ku Madagascar, kutsidya kwa nyanja yamchere. Kumeneko kunali nyumba yolerera ana amasiye. Anapita, anabwera. Anapitanso, anabweranso. Watipa ankatsala ndi azakhali. Anadikira mpaka kutopa.

Tsopano abale aja anali ataima pakhomo. Mnyamata dzina lake anali Rivo. Mtsikana anali Fara. Rivo anali wamtali. Fara analinso wamtali. Onse awiri anali aakulu kuposa Watipa.

"Mwandinamiza," Watipa anabwereza. "Kamwana kali kuti?"

"Sitinati kamwana," anatero amayi. "Tinati abale."

"Taonani kutalika. Uyu afikira shuga pamwamba pa kabati. Ine sindifikapo."

Abambo anaseka. Watipa sanaseke.

"Rivo ndi wamkulu," anatero abambo. "Uziti achimwene. Kwa Fara uziti achemwali."

"Ndinayamba ndine kubwera m'nyumba muno."

"Inde. Koma iwo anayamba kubadwa."

"Chilungamo chake chili pati? Dzulo ndinali woyamba. Lero ndine womaliza. Anandifunsa ndani?"

Rivo ndi Fara ankangoyang'ana. Sankadziwa Chichewa. Sankadziwa Chiswahili. Fara anagwira malaya a Rivo. Sanawasiye.

M'mawa mwake Watipa anapeza nzeru. Anakokera Rivo kukhonde. Anadziloza pachifuwa.

"Achimwene," anatero Watipa.

Rivo anamuyang'ana.

"Nena. A-chi-mwe-ne."

"A-tsi-mwe-ne," anatero Rivo.

"Eya. Nenanso."

"Atsimwene."

Watipa anadumpha. Anavina pang'ono. Nkhani yatha, anaganiza choncho.

Koma nkhani sinathe.

Masana onse awiri anatsikira kugeti. Mlonda anakweza dzanja. "Habari, kijana?" anapereka moni m'Chiswahili.

"Atsimwene," anayankha Rivo.

Anafika kwa mayi wogulitsa masamba. Mayiyo anamwetulira.

"Atsimwene," anatero Rivo.

Mphaka anadutsa pamasitepe.

"Atsimwene," anatero Rivo.

Kunyumba amayi anamupatsa tiyi.

"Atsimwene," anatero Rivo, akulandira ndi manja awiri.

Amayi anaseka mpaka tiyi anatayikira. Abambo anaseka mpaka kutsokomola. Watipa anapsa mtima.

"Mlonda si achimwene. Amayi si achimwene. Mphaka si achimwene. Achimwene ndine. Ine ndekha."

Rivo anamwetulira. "Atsimwene?"

"Ayi. Mawu anga wagawira mpaka mphaka. Usawanenenso. Wamva? Usawanenenso."

Rivo sanamve mawuwo. Koma mkwiyo anaumva. Anaweramitsa mutu. Anatseka pakamwa.

Tsiku lotsatira Rivo sanayankhule. Mlonda anapereka moni, Rivo duu. Mphaka anadutsa, Rivo duu.

"Watipa, wamutani mnzako?" anafunsa amayi.

"Ndangotenga mawu anga," anatero Watipa.

Loweruka amayi anapita nawo kokagula zinthu. Kumsewu waukulu kunali anthu ambirimbiri. Kunali matatu, timabasi ta ku Nairobi. Ena ofiira, ena obiriwira. Ankaliza mahutala. Ankaliza nyimbo. Makondakitala ankakuwa.

Amayi anagwira Fara dzanja lina. Anagwira chikwama dzanja lina. Watipa ankayenda kutsogolo. Rivo ankayenda kumbuyo.

Atafika pa sitolo, amayi anatembenuka.

"Rivo ali kuti?"

Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Rivo kunalibe.

"Rivo!" anaitana amayi. Hutala analira. Mawu a amayi sanapite patali.

Fara anayamba kulira.

Watipa anaganiza msanga. Rivo sadziwa njira. Rivo sangafunse munthu. Rivo ali ndi mawu amodzi okha. Ndipo mawuwo Watipa anamulanda.

Panali mwala waukulu pafupi ndi sitolo. Watipa anakwerapo. Anapuma mpweya wambiri.

"Achimwene!"

Anthu anatembenuka. Anadabwa. Mu Nairobi mawu amenewo samveka kawirikawiri.

"Achimwene!" anakuwanso Watipa. Kukhosi kunamuwawa.

Anatchera khutu. Hutala. Nyimbo. Hutala.

Kenako anamva kamawu patali.

"Atsimwene."

"Uko, amayi. Kuseri kwa bambo wootcha chimanga uja."

Anathamanga onse. Rivo anali atakhala pansi. Mnyamata wamtali uja anali atadzipinda. Misozi inali mbwee.

Amayi anamukumbatira. Fara anagwiranso malaya ake. Watipa anaima pambali. Anakanda mutu. Kenako anatambasula dzanja.

"Musalire, achimwene," anatero. "Gwirani apa. Njira ndimaidziwa ndine."

Rivo anagwira. Sanasiye mpaka kugeti.

Kunyumba amayi anapanga tiyi. Anaika mandazi m'mbale. Shuga anali pamwamba pa kabati. Watipa ananyanyamphira. Sanafikepo. Rivo anangotambasula dzanja. Anatenga shuga. Anapatsa Watipa.

"Mwina kutalika kuli ndi ntchito," anang'ung'udza Watipa.

Mphaka anasuzumira pazenera. Rivo anamuloza. Anayang'ana Watipa.

"Mphaka," anatero Watipa.

"Paka."

"Wakhoza. Awa ndi amayi."

"Amayi."

Amayi anaika kapu pansi. Anapukuta m'maso ndi chitenje.

"Awa ndi abambo. Awa ndi achemwali."

Fara anamva kuti akunena iye. Anaseka koyamba chifikireni.

Kenako Rivo analoza Watipa. "Atsimwene."

Watipa anagwedeza mutu. Analoza Rivo. "Achimwene."

"Ndiye tili ndi achimwene awiri," anatero abambo. "Mlandu watha."

Anamwa tiyi. Anadya mandazi. M'mbale munatsala ndazi limodzi. Watipa analiyang'ana. Rivo analiyang'ananso.

"Mlandu sunathe, abambo," anatero Watipa. "Ndazi latsala limodzi. Achimwene tilipo awiri. Wina anayamba kubadwa. Wina anayamba kubwera. Adye ndani?"

Abambo anabisa nkhope kuseri kwa kapu. Dzanja la Fara linayamba kukwawira kumbale. Pang'ono. Pang'ono.

"Musaseke, abambo. Taonani, achemwali akulitenga. Adye ndani? Yankhani msanga."