Mfutso wa Bambo Fanuel

Evelesi anali mtsikana wa kwa Mlolo. Ankakhala ndi amayi ake, abambo ake, ndi mlongo wake wamng'ono Lazaro. Evelesi ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna nyika.

Nyika imamera m'madzi. Masamba ake amayandama. Duwa lake ndi loyera. Pansi pa matope imabisa timibulu takuda. Njala ikabwera, anthu amaphika timibulu timeneti.

Chaka chimenecho njala inabwera. Mvula inagwa pang'ono. Mapira anauma m'munda. Mtsinje wa Shire unaphwera. Sitima ya pamadzi inkalephera kufika ku Chiromo. Inkangotitimira mumchenga.

"Mimba yanga ikulira," anatero Lazaro.

"Usadandaule," anatero Evelesi. "Ndikukubweretsera nyika."

Evelesi anatenga dengu. Anathamangira kudziwe la kuseri kwa mudzi. Kumeneko kunkakhala nyika chaka ndi chaka.

Koma dziwe linali litauma. Madzi kunalibe. Nyika kunalibe. Matope anali atang'ambika ngati chidendene cha munthu wolima. Pakati pa dziwe panamera timitengo taminga.

Evelesi anayang'ana uku. Anayang'ana uko. "Kodi ndasochera?" anadzifunsa. "Mgwalangwa uja ndi uwu. Chulu chija ndi ichi. Nanga nyika yapita kuti? Kodi nyika ili ndi miyendo?"

Evelesi sanamvetse.

Kenaka anaona munthu. Anali bambo wamtali, wovala chipewa chachikulu. Sanali wa m'mudzimo. Bamboyo ankathyola masamba.

Anathyola tsamba la mtengo waminga. Anathyola udzu. Anathyola ngakhale tsamba la chitedze, chija choyabwa.

Bamboyo anayala masamba pakati pa mapepala. Anaika thabwa pansi. Anaika thabwa lina pamwamba. Anamanga ndi chingwe. Kenaka anaika padzuwa.

"Mayo," anatero Evelesi chamumtima. "Akuyanika mfutso."

Evelesi ankaudziwa mfutso. Amayi ake amafutsa nkhwani. Amafutsa khwanya. Amayanika padzuwa, n'kusunga kuti adye ndiwo zikasowa. Koma mfutso wa minga? Mfutso wa chitedze?

Evelesi sanamvetse. Koma anamva chisoni kwambiri.

Anathamangira kunyumba, dengu lili lopanda kanthu.

"Amayi, nyika yathawa," anatero Evelesi. "Ndipo kudziwe kuli mlendo. Njala yake yaposa yathu. Akufutsa chitedze."

"Chitedze?" anatero amayi. "Iwe Evelesi, dzuwali lakuwotcha mutu?"

"Ndaona ndi maso angawa. Akadya afa, amayi."

Amayi anakweza maso. Anayang'ana padenga. Padengapo panali chikwatu chimodzi, mpukutu wa masamba wosungiramo mfutso. Chinali chomaliza.

Amayi anayang'ana Lazaro. Anayang'ananso chikwatu. Anapuma mpweya wautali. Kenaka anatapamo dzanja limodzi.

"Kawapatse," anatero amayi. "Mlendo asafere pamudzi pathu."

Evelesi anabwerera kudziwe. Anagwada patsogolo pa bambo uja. Anapereka mfutso ndi manja awiri.

"Zikomo, mwanawe," anatero bamboyo. "Dzina langa ndine Fanuel. Ndachokera ku Zomba. Wandibweretsera chiyani?"

Bambo Fanuel anatenga katsamba kamodzi. Anakatembenuza. Anakanunkhiza. Anatulutsa kagalasi n'kukayang'anitsitsa.

"Katsamba kachilendo," anatero Bambo Fanuel. "Kofiirira, kokwinyika. Kamamera kuti kameneka?"

"Padenga," anayankha Evelesi.

"Padenga?"

Bambo Fanuel sanamvetse. Anakanda mutu. Kenaka anatsegula pepala. Anayamba kuyalapo mfutso uja.

"Ayi, bambo, ayi," anatero Evelesi. "Umenewo wauma kale. N'ngophika. Mudye umenewu. Wanu uja mutaye. Chitedze sadya."

Bambo Fanuel anayang'ana mfutso. Anayang'ana matabwa awo. Anayang'ana Evelesi. Kenaka anayamba kuseka. Anaseka mpaka chipewa chinagwa.

"Mwanawe, ine sindidya masambawa," anatero.

"Nanga mukuyanikiranji?"

"Ndi ntchito yanga. Ndimayenda malo ndi malo. Ndimaona chomwe chikumera apa. Ndimaona chomwe chikumera apo. Ndimatengako tsamba. Ku Zomba timasunga masambawo."

"Mumasunga osadya?"

"Osadya."

"Ngakhale kuli njala?"

"Ngakhale kuli njala."

Evelesi sanamvetse. Anthu a ku Zomba, anaganiza, ndi anthu ovuta.

Bambo Fanuel anasiya kuseka. Analoza pakati pa dziwe.

"Nanenso ndasokonezeka," anatero. "Ndinabwera kuno kale, iwe usanayambe kuyenda. Pano panali madzi ofika m'chiuno. Panali bango. Panali gumbwa. Lero ndapeza minga. Minga imakonda pouma. Kale inali uko kumtunda. Tsopano yatsikira kuno."

"Ndiye kuti mitengo imayenda?" anafunsa Evelesi.

"Mtengo suyenda. Mbewu zake ndi zimene zimayenda. Zina zimauluka ndi mphepo. Zina zimapita ndi madzi. Zikapeza malo abwino, zimamera."

"Nanga madziwo athawiranji?"

"Sindikudziwa," anatero Bambo Fanuel. "Mvula ikuchepa. Mtsinje ukuphwera. Chifukwa chake sindikuchidziwa. N'chimene ndikuyendera."

Evelesi anadabwa. Munthu wamkulu, wachipewa chachikulu, naye osadziwa.

Bambo Fanuel anamasula chingwe. Anayamba kumuonetsa masamba. Ili linali lalitali. Ili linali laubweya. Ili linali ngati phazi la bakha. Masamba anali ambirimbiri. Panalibe awiri ofanana.

Anatsegula pepala lina. Evelesi anaimirira.

Pa pepalapo panali tsamba lozungulira. Pambali pake panali duwa loyera. Duwalo linali lisanaume.

"Nyika," anatero Evelesi. "Bambo, iyi ndi nyika. Mwaipeza kuti?"

"Dzulo, kudambo lalikulu, kumtunda kwa Chiromo. Kuseri kwa bango kuli madzi otsala. Maluwa amenewa adzaza pamenepo."

"Timibulu take munasiya?"

"Timibulu tanji?"

"Ta pansi pa matope. Todya."

"Ine ndinangothyola duwa," anatero Bambo Fanuel.

Evelesi anagwira pakamwa. Munthu kupeza nyika, n'kungothyola duwa. Izi ndiye sanazimvetse n'komwe.

Anagwira Bambo Fanuel dzanja. Anapita nawo kunyumba.

"Ababa, nyika sinafe," anatero Evelesi. "Yangotsata madzi. Awa akudziwa kumene ili."

Abambo ake anapatsa mlendo mphasa. Anamvetsera bwinobwino.

"Kumeneko n'kutali," anatero abambo. "Sitinafikeko chaka chino. Kodi mungatilondolere?"

"Ndingathe," anatero Bambo Fanuel.

M'mawa mwake anakwera bwato. Abambo ankakankha ndi nsungwi yaitali. Bambo Fanuel ankaloza njira. Amayi anatenga madengu. Lazaro anagona pamiyendo pa Evelesi.

Bwato linkakhula mchenga. Abambo ankatsika n'kulikoka. Anadutsa bango. Anadutsa bango lina.

"Ndi apa," anatero Bambo Fanuel. Koma panali pouma.

"Ayi, ndi apo," anateronso. Napo panali pouma.

Bambo Fanuel anavula chipewa. Anakanda mutu. "Bango lonse likufanana," anatero.

Evelesi anachita mantha. Lazaro anatsegula maso.

"Mimba yanga ikulira," anatero Lazaro.

Pomwepo tsamba lozungulira linadutsa pambali pa bwato. Linkayandama. Linkachokera m'kanjira ka madzi, pakati pa bango.

"Ababa, tilowe umu," anatero Evelesi.

Analowa. Bango linatseguka. Patsogolo pawo panali maluwa oyera. Maluwa uku, maluwa uko.

Abambo anamenya madzi ndi nsungwi kuti ng'ona zithawe. Amayi anatsika. Anapondaponda matope ndi mapazi. Anawerama n'kuvuula nyika. Evelesi ankalandira. Dengu linadzaza. Dengu lina linadzazanso.

Atabwerera, amayi anauza mudzi wonse kumene kuli nyika. Kenaka anaphika nyika. Anaphikanso mfutso uja wa mlendo. Onse anakhala pamphasa. Bambo Fanuel anadya. Anapemphanso ina.

Lazaro anadya, n'kudya, n'kudya. Kenaka anaika khutu pansi, ngati akumvetsera mimba yake.

"Yasiya kulira," anatero Lazaro.

Amayi anaseka. Misozi inali m'maso mwawo. Evelesi anasangalala kwambiri.

Tsiku lotsatira Bambo Fanuel ananyamula matabwa awo. Evelesi anawapatsa zinthu ziwiri. M'dzanja ili munali duwa loyera. M'dzanja linalo munali kaphukusi ka nyika yophika.

"Ili muike m'mapepala," anatero Evelesi. "Koma iyi musaike m'mapepala, bambo. Iyi mudye."